Tsiku Limene Thewera Linaima Lokha

Nkhani iyi ndimaizemba ngati pakhomo pa apongozi. Koma popeza mu komboni yathu ya Kapata muno palibe amene sanaimve, ndi bwino muimve kwa ine mwini wake wa manyaziwo.

Ine ndine Zulu, kalaliki pa sitolo ina mu Foti Jemusoni. Sukulu ndinafika nayo ku sekondale. Chaka chatha, mvula itangoyamba, tinalandira mwana wathu woyamba, wamwamuna, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Akayetsemula, ine thukuta. Akagona nthawi yaitali, ine khutu pamphuno pake.

"Bambo, mwana si dzira," ankatero mkazi wanga Nabanda.

Lamulungu lina abusa analalikira za ntchito. Anati Mkhristu sachita chinthu mwamphwayi. "Ukamasesa, sesa ngati pabwalopo adutsapo Ambuye. Ukamachapa, chapa ngati chovalacho avala ndi iwo."

Mawuwo anandilowa mpaka m'mafupa. Anzanga masiku amenewo ankangokangana za ndale za Chitaganya, koma ine ndine munthu wamantha, ndiye ndinasankha nkhondo yondiyenera: chilichonse chodutsa m'manja mwanga chikhale first class. Kusitolo zitini zonse ndinaziyang'anitsa mbali imodzi ngati asilikali. Kunyumba mpiru ndinaubzala poyeza ndi chingwe.

Kenaka unafika ubatizo wa mwana. Dzina ndinali nditasankha kale: Teofilo. Dzina lolemera, loyenera munthu amene adzakhale pa ofesi yokhala ndi telefoni.

Apongozi anga, amayi ake a Nabanda, anabwera kuchokera cha ku Mtenguleni ndi dzina lawo m'thumba. Ankafuna Zakeyo, dzina la malemu amuna awo. Malemuwo anali munthu wabwino, koma chimene anthu amawakumbukira nacho ndi kuvina pamowa mpaka chipewa kugwera mumtsuko. Ndinakana mwaulemu, kudzera mwa Nabanda.

Paja ine ndi apongozi sitiyang'anana kapena kulankhulana. Mawu athu amadutsa mwa Nabanda. Iye akachokapo, apongozi amalankhula ndi chilichonse chimene chili pafupi, ine n'kumamvera chapatali.

Loweruka, Nabanda atapita ndi amayi anzake kukasesa kutchalitchi, ndinaona matewera pachingwe. Oyera anali oyera ndithu, koma ofooka, amakwinya, opanda ulemu. Ndinakumbukira kusukulu. Kumeneko kabudula wanga wa khaki sanagwepo pa inspection, chifukwa sitachi ya chinangwa youmitsira zovala ndinkaidziwa kuposa masamu. Ndinadzifunsa kuti, mwana wanga akaonekere pamaso pa Mulungu atavala chinthu chofota chonchi?

Ndinateleka madzi, n'kuphika sitachi yolimba bwino, n'kuviikamo thewera labwino koposa onse.

Apongozi anali kuseri kwa khitchini, atandifulatira, akusenda mtedza. Ndinamva akutsokomola.

"Nkhuku iwe," anatero kwa thadzi limene linkatola makoko, "waona za m'tauni? Kuno matewera amadya phala."

Ine ndinayang'ana mtengo wa mango. "Mtengo iwe, uwauze kuti si phala, ndi sitachi. Ndi za ukhondo. Tinaphunzira kusukulu."

"Ee, ophunzira," anatero apongozi, kwa nkhuku yomweyo. Anapitiriza kusenda mtedza wawo, ndipo ine ndinayesa kuti ndapambana.

Litauma ndinalisita ndi nsimbi ya makala, n'kulithyolera makona ngati envelopu. Linkawala. Ndinalibisa musutikesi kuti Nabanda adzaone ntchito itatha kale.

M'mawa wa Lamulungu Nabanda anatanganidwa ndi mpunga ndi nkhuku za alendo, ndiye ndinadzipereka kumuveka mwana. Phini inakana kulowa. Ndinakankha, inapindika. Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kuganiza. Ine ndinatenga msomali n'kuboola kabowo kaukhondo, phini n'kulowa. Pamwamba ndinamuveka diresi lalitali loyera la ubatizo, n'kumukulunga m'sholo.

Anayamba kulira tisanatuluke pakhomo.

"Ndipatseni kuno," anatero Nabanda.

"Ayi, lero ndimunyamula ndine. Akulira kutentha basi."

Ndinayenda naye msewu wonse nditamugwira patsogolo ngati keke ya ukwati. Pofika kutchalitchi anali atafiira. Nyimbo yoyamba anaimeza. Pemphero la a Tembo, mkulu wa mpingo, analidula pakati, ndipo a Tembo sadulidwa pemphero ndi munthu.

Abusa atatiitana kutsogolo, ndinamupereka kwa mayi wake monga mwa mwambo.

"Dzina la mwana ndani?" anafunsa abusa.

"Teofilo," ndinatero, mokweza kuti a kumbuyo amve kulemera kwake.

Mwana anakuwa ngati ndamutsina. Kumbali ya amayi kunamveka manong'onong'o, kenaka mawu a apongozi, olunjika kwa benchi imene anakhalapo.

"Benchi iwe, mwana akukana dzina."

"Mayi, za mizimu muno ayi," anatero a Tembo.

"Ine ndikulankhula ndi benchi, abambo."

Ine, munthu wa sekondale, banja langa likukamba zokana dzina pamaso pa mpingo wonse. Pomwepo Nabanda anandikoka jekete.

"Bambo," ananong'oneza, "mwanayu wauma m'chiuno."

"Wauma?"

"Gwirani apa."

Ndinagogoda ndi chala pamwamba pa diresi. Panamveka kuti go, go, ngati chitseko. Mukhoza kuganiza kuti ndinakumbukira msomali uja. Ayi. Chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi phunziro la hygiene la ku Fomu 2, lonena za matenda oumitsa thupi la khanda.

"Kafumbata!" ndinafuula. "Mwana wanga ali ndi kafumbata!"

Tchalitchi chonse chinaimirira. Amayi ena anayamba kulira. Ndinalamula kuti wina abwereke njinga, wina athamangire kuchipatala kukachenjeza, wina atsegule mawindo. Mawindo athu alibe magalasi, koma munthu wina anayesabe. Abusa, munthu wofatsa, anati titulukire pamthunzi mwana apume mpweya.

Pansi pa mtengo Nabanda anagwada n'kuyamba kumuvula. Mpingo unatizungulira. Apongozi anagwada pafupi ndi mwana wawo, n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Zakeyo, bambo, pepani. Takulakwirani. Tontholani, Zakeyo."

Pa mawu omalizawo ndi pamene Nabanda anasolola phini. Mwana anangoti zii. Anapuma mozama, n'kutambasula timiyendo, n'kumwetulira agogo ake.

"Wavomera," anatero mayi wina, ndipo ena anayamba nthungululu, n'kuidula ataona maso a a Tembo.

Nabanda anayang'ana timizere tofiira m'ntchafu za mwana, n'kuyang'ana chinthu chimene chinali m'manja mwake, n'kuchiponya pansi.

Thewera la nsalu likagwa limagona. Ili linafika kuti gwa, linagubuduka pang'ono, kenaka linaima. Linaima lokha pafumbi, lili ndi mabowo awiri a miyendo, makona ake ali chilili, loyera ngati chipewa cha wapolisi wa pamsewu.

A Tembo analiyandikira n'kuligogoda ndi ndodo yawo.

"Waumba ichi ndani?"

Ine ndinkayang'ana nsapato zanga, zimene zinali zopolishidwa bwino kwambiri.

Apongozi anatembenukira kumtengo umene tinali pansi pake. "Mtengo iwe, usadabwe. Ndi za ukhondo. Anaphunzira kusukulu."

Kuseka kunayambira kwa anyamata a kwaya, n'kufalikira kwa onse. Ngakhale amayi amene ankalira aja anapitiriza kupukuta misozi, koma tsopano ya mtundu wina. Munthu wa njinga uja anafika ali wefuwefu, n'kufunsa kuti wodwala ali kuti. A Tembo anamulozera thewera.

Ndinayesa kupulumutsa chimene chinatsala. "Ndiye mwaona, abusa. Mwana sanakane dzina. Inali sitachi chabe. Teofilo akhoza kupitirira."

Nabanda anadzuka, mwana ali paphewa. Salankhula mokweza pagulu, ndipo tsiku limenelo sanakwezenso.

"Bambo, mwanayu wanyamula nzeru zanu kuchokera kunyumba mpaka kuno. Zamukwana. Dzina lisiyireni ena."

Ndinayang'ana abusa kuti andithandize. Iwo ankayang'ana kumwamba, akubisa kuseka. "Za mizimu sitivomereza," anatero, "koma Zakeyo ndi dzina lachikhristu ndithu."

Tinabwerera mkati. Mwana wanga anabatizidwa Zakeyo, atakulungidwa m'chitenje chakale cha apongozi, chofewa ngati masamba ofutsa. Madzi atamugwera pamphumi sanalire n'komwe.

Potuluka, abusa anandiitanira pambali. Ndinafuna kuti mwina mlandu tigawane.

"Abusa, ndinangotsatira ulaliki wanu. Munati tizichapa ngati chovalacho avala ndi Ambuye."

"Ndinatero ndithu, a Zulu," anayankha atandigwira paphewa. "Koma ndiuzeni, Ambuye anakulakwirani chiyani kuti muwaveke chidebe?"

Mpaka lero mu Kapata sanditcha a Zulu kapena bambo a Zakeyo. Ndine a Sitachi. Zakeyo wayamba kuima tsopano, ndipo akangomva ng'oma patali amagwedeza m'chiuno. Apongozi akaona zimenezo amayang'ana nkhuku, n'kungoti, "Waona?"

Chitani zonse ndi mtima wonse, abale, koma muziyamba mwaganizira amene adzazikhalire.