Malo a Mpando Umodzi

Mukadzadutsa kwathu ku Kaluluma nthawi ya dzinja n'kuona munthu atakhala yekha pampando pakati pa bwalo, matope atamuzungulira, musadzaime. Ndine ameneyo, ndipo n'zoziyamba dala.

Bwalo langa ndi la makande, dothi lija limati chilimwe kung'aluka mpaka kumeza anapiye, dzinja kuvula anthu nsapato. Mkazi wanga, make Tadala, anapirira mpaka tsiku lomwe anaterereka atavala bulauzi yoyera ya amayi akutchalitchi. Anasamba, n'kulongedza, mwana kumbuyo.

"Ndikakhala kwathu ku Nkhamenya. Bwaloli likadzalimba mudzandiuze."

Nyumba inakula mwadzidzidzi. Ndinayamba kucheza ndi wailesi (imalankhula bwino, koma sifunsa ngati wadya).

Chaka chimenecho ankakonza msewu wodutsa padambo. Ndinaona akuwaza laimu, ufa woyera uja wa njereza, pamakande, kusakaniza, kuthirira, kupondereza, dothi n'kulimba gwa! Ndinamukokera pambali kapitawo.

"Bwana, bwalo ngati langa lingadye matumba angati?"

"Anayi."

"Anayi? Chotsaniko pang'ono."

"Madala, si mtengo umenewu, ndi muyezo."

"Nanga muyezowo sutsika?"

Anangondiyang'ana n'kubwerera kuntchito. Koma ine, munthu amene ndinanenererapo bokosi la maliro anamfedwa akundidikira, ndigonjere dothi? Ndinagulitsa kuponi yanga ya fetereza (inde, chimanga cha chaka chonse) n'kukagula thumba limodzi lokha. Mwini shopu ndinamupanikiza mpaka anandiikira basera wa lamba womangira panjinga.

Lambayo ndiye anaduka ndikulowa pabwalo. Thumba linaphulika, laimu mbwee pansi. Ndinawola amene ndinatha, wambiri n'kukanirira pomwepo, mtima ukundiwawa. Ndinatipula bwalo lonse n'kuwaza wotsalayo ngati mchere wa ndiwo zapamaliro. Ndinathirira, kenako n'kupondaponda ndekhandekha, gule wopanda ng'oma.

Bwalo litauma linayera mokongola. Ndinatumiza uthenga kwa make Tadala: bwerani, kuno tsopano ndi mtauni.

Anabwera pangolo ndi amalume awo, mvula yoyamba itangokata. Ngolo inatitimira pakhomo penipeni. Amalume anatsika kuti akankhe, mwendo unatuluka, nsapato n'kutsala. Make Tadala sanatsike n'komwe.

"Bambo a Tadala, anakuuzani matumba angati?"

"Anayi."

"Inu n'kugula angati?"

"Limodzi. Komatu pamtengo wabwino kwambiri."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko.

"Amalume, tembenuzani ng'ombezo."

Ngolo ndinakankha nawo ndekha mpaka kumsewu. Tadala ankandibayibitsa.

Chodabwitsa n'chakuti pamene panaphulikira thumba paja panalimba ngati mwala. Mvula igwe bwanji, sipachita matope. Kapitawo uja sananame. Koma pamangokwana mpando umodzi ndendende. Ndayesapo kuikapo wachiwiri, miyendo yakumbuyo imamira.

Ndikagulitsa fodya chaka chino ndikagula matumba atatu otsalawo, mkazi wanga abwerere.

Kapena awiri. Ine ndi dothilo tidzakambirana.