Yunivesite ya Baba Inali M'bwato

Amene akuti ndikunama adzuke pamphasapo, tipite ku Shire akafunse ng'ona, pakuti zimandidziwa ndi dzina. Ndikunena inu achimwene a Zuze, amene mwabwera kumaliro a baba foni ili m'manja, dothi la pamanda lisanaume n'komwe mwayamba kutiwerengera maiko a mayunivesite apamwamba pa sayansi, akuti uku Amereka, uku China, uku Mangalande, Malawi sakuoneka ngakhale kumchira, ndiye mwati chawapha baba ndi umbuli, osati madzi.

Ine ndinalekeza Sitandade 6, koma m'bwato la baba ndaphunziramo zaka makumi awiri. Mukumva? Chaka china anabwera maprofesa a maiko anu atatuwo kudzayeza madzi a m'dambo lathu la Elephant Marsh, wa ku Amereka ndi makina olira ngati njuchi, wa ku China ndi kandege kopanda woyendetsa, wa ku Mangalande ndi buku lolemera mpaka bwato linapendekeka, onse nati chigumula chili kutali. Ine ndinangothyola phesi la chimanga n'kuliponya m'madzi monga baba anandiphunzitsira, ndipo m'malo motsikira ku Nsanje linakwera cha ku Chikwawa, chifukwa mtsinje wa Ruo ukadzaza umakankha Shire kubwerera m'mbuyo, ndiye ndinati thawani. Sanathawe. Madzi atafika ndinawabereka onse atatu kumsana, makina ndaluma m'mano, ndikuponda pamitu ya mvuu ngati miyala yowolokera, funde likundithamangitsa mpaka linatopa n'kukhala pansi kupuma, ine ndikungothamanga, ndinakawatula ku Chapananga buku lija lisananyowe ngakhale tsamba limodzi. Anagwada, nandipempha ndikakhale mkulu wa mayunivesite awo onse, Lolemba uku, Lachitatu uko. Ndinakana. Mbuzi zikanatsala ndi yani?

Ndiye mndandanda wanuwo analemba ndani, atafunsa yani? Sindikukana, kumeneko nzeru ziliko. Mapiritsi amene ankathandiza mtima wa baba ankachokera konko. Koma munthu amene ankawerenga mtsinje ndi phesi sanamulembe paliponse, ndipo dzulo tinamuika m'manda, inu muli pamthunzi kusaka netiweki, khasu osaligwira.

Za mvuu zija mwaseka. Sekani. Koma ichi musaseke.

M'mawa wa tsiku limene baba anamwalira, iwo anali gone ndi malungo m'chisakasa cha kudimba, ndipo anandituma kukaponya phesi. Linakwera. Ndinaliona ndi maso angawa. Koma inali itatsala mizere isanu yokha kuti ndimalize kukolola, ndiye nditabwerera ndinati, "Baba, latsika. Gonani."

Anagona.

Maprofesa atatu ndinawabereka, mwamva nokha. Baba mmodzi, wopepuka ngati mtolo wa bango, madzi anandilanda m'manja.

Umbuli unalipo, achimwene. Koma musaulembe pa dzina la baba.