Mango Anga ndi Maso a Apongozi

Lolemba, 8 Disembala 1952
Ndasuma! Mlamu wanga Alufeyo akuthyola mango m'mitengo isanu imene ndinabzala nditangobwera kuchikamwini kuno ku Utale, n'kumakagulitsa kusitima ku Balaka. Akuti nthaka ndi ya mbumba yawo ndipo mitengoyo inangomera yokha. Inde, inamera yokha pamzera woongoka bwino. Mitengo yopita kusukulu.

Lachiwiri
Kalaliki wa kukhoti akuti: "Wodandaula ndinu, umboni mubweretse ndinu. Wosumiridwa angokhala." Kukhalako Alufeyo amakutha, ndi ntchito yake chibadwire.
Mboni zanga:
1. Mkazi wanga.
2. A Yohane, amene anandipatsa mbande.
3. Apongozi aakazi, amene anali pakhonde tsiku lobzala.

Lachitatu
Mkazi wanga wakana kutsutsa mlongo wake pabwalo. Akuti chibale n'fupa, sichiwola. Ndiye kuti ine ndine mnofu.

Lachinayi
Wapansi mpaka ku Liwonde kukafuna a Yohane. Anapita ku Joni kalekale, kalata salemba. Ndabwerako ndi matuza awiri kuphazi, ndipo matuzawa aliyense akuvomereza kuti ndi anga.

Lachisanu
Atsala apongozi, koma sindingawalankhule. Zaka khumi ndi ziwiri tikupewana monga mwa mwambo: akatulukira panjira ine ndimapatukira patchire, iwo amayang'ana kumbali. Ndatuma mkazi wanga ndi tambala. Yankho labwera: "Ndikanena zoona zokhazokha." Mtima wakhala m'malo.

Loweruka
Bwalo ladzaza. Alufeyo wakhala phee, akutokosa ulusi wa mango m'mano. Apongozi aimirira atandifulatira.
Woweruza: "Mayi, munamuona mkamwini wanu akubzala?"
Iwo: "Iyayi, bwana. Ine ndiyang'ane mkamwini? Chibwerereni mwana wa eniyu sindinamuponyerepo diso. Ngwaulemu kwambiri, ngakhale nkhope yake sindiidziwa."
Bwalo lonse likuwomba m'manja kuyamikira khalidwe langa. Mlandu watha: palibe umboni. Ndatuluka ndi mbiri yabwino, Alufeyo watuluka ndi mitengo.

Lamulungu
Zikundiwawa, sindibisa. Mitengo ija ndinkaithirira ndi madzi otunga ku Rivirivi, dzuwa likuswa mtengo. Ndipo apongozi sananame ngakhale liwu limodzi.
Pochokera kutchalitchi ndawaona akubwera patsogolo panga, dengu la mango pamutu. Ndati lero sindipatuka, ndiima pakati panjira, andione kamodzi kokha adziwe amene wawadyetsa.
Ndazindikira ndili kale patchire, nditagwada, chipewa m'manja.