Onga wa ku Dubai sauyesera padzanja

Mukadzakumana nane n'kuona kuti moni ndikupereka ndi dzanja lamanzere, musadzati ndilibe mwambo. Lamanjali lili ndi chipsera pakatikati, chozungulira ngati chidindo cha boma. Aliyense wochiona amafunsa, ndipo ndikamuyankha amaseka. Ndiye bola ndifotokoze kamodzi pano, musekeretu, tithane nazo.

Ndimagwira ntchito pa bwalo lina la masewera owombera mfuti kunja kwa Dubai, kuchipululu. Anthu a ndalama zawo amabwera kudzawombera timbale tadothi timene makina amaponya m'mwamba. Nyama palibe, ndiwo palibe, koma amapita kwawo akusangalala. Ntchito yanga ndi kutola makoko a zipolopolo iwo akamaliza, padzuwa lija lophika munthu ali chiimire. Pa msinkhu wanga uno, mawondo anayamba kale kundiyankha mwano.

Pabwalopo pali chipinda chimodzi chimene tonse timachisirira. Ndi cha Rashid, Mpakistani amene amasunga mfuti ndi kudzazanso onga m'makoko ndimatola aja. Muli makina oziziritsa. Muli mpando. Tsono kunamveka kuti Rashid akufuna womuthandiza, ndipo maina anali awiri: langa ndi la a Tembo, mlonda wa ku Chipata amene timagona naye chipinda chimodzi kunyumba za kampani. Ine ndinadziwa kuti ndikaphonya mpando umenewu, dzuwa lindimaliza kontilakiti isanathe.

Masiku amenewo Rashid anali ndi mutu waukulu. Bwalo linali litagula mfuti zing'onozing'ono, zopyapyala mpope, zoti aziwombera amayi ndi okalamba chifukwa sizikankha phewa. Ndikusesa m'chipindamo ndinamupeza atayang'anitsitsa zitini ziwiri za onga.

"Chacha," anatero (ndi mmene amandiitanira, ati ndiye kuti malume), "mfuti yaing'ono safuna onga waukali. Wa zikuluzikulu zija ukauika muno, mpope umafinyika. Pamafunika wofatsa. Ndikudikira opanga andiuze kuti pa awiriwa woyenera ndi uti."

Ndinaseka mumtima. Kudikira opanga! Ine ndinakulira kwa malume anga ku Ntcheu, mlenje wa mfuti ya gogodera amene nguluwe zinkamudziwa dzina. Iwo onga ankauyesa chonchi: katsinidwe kamodzi padzanja, kenako khala la moto. Ukati phuu! n'kutha osasiya bala, ndi wabwino. Ukachita mphwayi, ndi wonyowa, kautaye. (Mmene gogodera uja anathera, ndi chifukwa chimene malume anamwalira akumva khutu limodzi, musandifunse lero. Nkhani imeneyo imandidzutsabe, ndipo si yoseketsa.)

"Bwana Rashid, ndipatseni pang'ono, ndikusankhirani ndi dzanja."

"Dzanja? Habibi, mnzanga, pano pali sikelo. Yalla, tiye, sesa, ndipo wotayikayo uthire m'ndowa yamadzi."

Lamulo ndi limenelo: onga wogwa pansi umapita m'madzi. Ine ndinasesa ndithu. Koma wa pansi pa chitini choyamba ndinaukulunga m'kapepala, wa chachiwiri m'kapepala kena, n'kuika m'thumba la buluku. Cholinga chinali chabwino. Ndinkafuna kubwera ndi yankho opanga aja asanayankhe, kuti Rashid aone yekha kuti munthu wodziwa onga ndi ndani.

Nthawi yopuma ndinawapeza a Tembo kumalo osutira fodya, uko kumene amaimika magalimoto.

"A Tembo, tandibwerekani machesi."

"Mwayamba kusuta liti, mudala?"

"Sindisuta. Ndikufuna ndikuonetseni chifukwa chake mpando uja si wanu."

Ndinawafotokozera nzeru ya malume. Anandimvetsera mutu atapendeketsa.

"Inu munachitapo zimenezi?"

"Kambirimbiri."

Apa ndiye ndinanama. Ine ndinkangoonerera ndili kuseri kwa nkhokwe. Komanso sindinaganize kuti chikhatho cha malume chinali ngati chikopa cha mvuu, pamene changa chafewa ndi sopo wa kampani.

Ndinathira onga woyamba pa dzanja lamanja (ndine wamanzere chibadwire, ngakhale aphunzitsi a sukulu ya kwacha analephera kundisintha), ndinatambasula mkono ngati mlaliki, n'kukhwatcha machesi.

Ndinkayembekeza phuu! Sizinatero ayi. Unayaka mwaulemu, lawi lachikasu litaima njo ngati kandulo ya patchalitchi. Munthu wanzeru akanakutumula dzanja pompo. Koma ine ndinali nditanena kale kuti sizipweteka, ndiye ndinaima chilili, mano nditaluma, ndikudikira kuti uthe.

"Mudala," anatero a Tembo modekha, "kununkha kanyenya."

"Ukutha tsopano."

"Sukutha. Ukuwonjezera."

Pamenepo thupi linalanda ulamuliro. Ndinakuwa dzina la mayi anga, amene anatisiya kalekale, n'kudzimenya dzanja lija pantchafu kuti moto uzime. Ndinamenya pathumba penipeni pamene panali kapepala kachiwiri kaja, kamutu kake kali panja.

Abale, yunifomu ya kampani ndi ya nayiloni.

Zimene ndinavina pamenepo sindikudziwa kuti ndi gule wa mtundu wanji. Ndimakumbukira kuti mayi wina wovala zakuda anali akutsika m'galimoto yake yaikulu, anandiona, n'kubwereramo n'kutseka chitseko. Ndimakumbukiranso ndikulimbana ndi lamba, ndikudzifunsa ngati kuvula buluku pagulu m'dziko lino si mlandu woposa kupsa. A Tembo sanadikire kuti ndiganize. Anazula botolo lofiira lozimitsira moto pakhoma n'kundipopera lonse, kuyambira kumapazi mpaka kudazi, ngakhale moto unali pantchafu pokha.

"Khalas, basi, a Tembo, wazima!"

"Sitidziwa, mwina muli ndi thumba lina!"

Utsi utachoka ndinatsala nditaima ndili mbuu ngati khoswe wogwera m'thumba la ufa, mwendo umodzi wa buluku utasanduka kabudula. Rashid anafika akuthamanga. Anayang'ana dzanja langa, anayang'ana machesi ali pansi, kenako anagwira mutu.

"Chacha, onga wa masiku ano suli ngati wa kumudzi. Panja umayaka pang'onopang'ono. Wonse! Ukali wake umaoneka ukatsekeredwa mumpope basi."

"Bwanji simunanene?"

"Ndani amafunika kuuzidwa kuti asadziyatse?"

Ku kiliniki ya ku Oud Metha namwino anandifunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinati ketulo. Anayang'ana ufa uli m'makutu mwanga, n'kulemba zake.

Ndinali nditatsimikiza kuti andikweza ndege. Kuba onga ndi kuyatsa moto pabwalo la mfuti, ku Dubai kuno, si nkhani ya tsanzikanani bwino. Koma Rashid anakandipepesera kwa manijala kuti nkhalambayi si yoipa mtima, mutu wokha ndiwo unatsalira kumudzi. Anandipatsa chenjezo lomaliza n'kundibwezera padzuwa. Mpando uja anapatsidwa a Tembo, ati chifukwa chochita changu pa ngozi. Masiku ano amandibayibitsa pawindo atavala juzi.

Chinanso, kamera ya pamalo oimika magalimoto inajambula zonse. Tsopano aliyense wolembedwa ntchito pabwalopo amayamba waonetsedwa kanemayo, pa phunziro la chitetezo. Ine amene ndinaphunzira kulemba dzina langa ndili ndi ana kale ndinkalakalaka nditadzakhala mphunzitsi. Mulungu amayankha, koma m'njira zake.

Opanga aja atayankha, Rashid anasankha chitini choyamba, chomwe chija cha padzanja. Nditamva ndinawauza a Tembo tikudikira basi yobwerera kunyumba.

"Mwaona? Ankafuna wofatsa, ndipo dzanja langa linaupeza. Unafatsa kwabasi."

"Nanga wa m'thumba uja unathamanga?"

"Umenewo sindinauyese bwino. Munandisokoneza ndi botolo lanu."

A Tembo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa machesi m'thumba la malaya, n'kuwasamutsira kuthumba la kumbali kumene ine kunalibe.