Tsiku Lomwe Ndinakwera Chimfine

Anzanga, kudziwa zambiri nako kumapweteketsa. Zaka zija za chipani chimodzi, ndikuphunzira uphunzitsi ku Chalimbana, ananditumiza kukayeserera pa kasukulu kena ku Bundabunda. Mayi Tembo, mphunzitsi wathu wa ku koleji, ankabwera kudzaonerera phunziro langa, ndipo kulephera kunali kubwerera kumudzi kukagwira khasu.

Ine kufuna kuonetsa nzeru, ndinasankha za chimfine. Ndinali nditawerenga kuti kachilombo kake kali ndi zidutswa zisanu ndi zitatu, ndipo tiwiri tosiyana tikakumana m'thupi la nkhumba timasinthana zidutswazo, n'kutuluka chimfine chatsopano. Ndiye ndinati choko n'cha aulesi, ine ndionetsa ndi njinga ziwiri, yanga ndi ya ahedi, a Mwanza, amene anandibwereka nkhope ili gwa chifukwa masipeya nthawi imeneyo ankasowa ngati mafuta ophikira.

Ndinalowetsa njingazo m'kalasi n'kulengeza kuti izi ndi tizilombo, ndipo tonse tili muno ndife nkhumba. Mayi Tembo anakweza maso, n'kulemba kenakake. Mukuganiza ndinabwerera m'mbuyo? Ayi ndithu, ndinagwira sipanala n'kuyamba kusamutsira zida za njinga ya ahedi pa yanga. Chishalo chinalowa bwino, gudumu lakutsogolo linavuta pang'ono koma ndinalikakamiza, tcheni cha ahedi ndinachikoloweka pa njinga yanga thukuta lili kamukamu, ana akuwomba m'manja, ine ndikudzimva ukatswiri.

Basi ndikanalekera pomwepo. Koma ndinati aone kuti chimfine chatsopano chimathamanga, ndinakwera. Sukuluyo ili pamtunda. Nditangotuluka pakhomo tcheni chinalumpha, mapazi akungopalasa mphepo, ndikagwira mabuleki sakufika n'komwe pa gudumu lachilendolo. Ndinadutsa ahedi ngati mphenzi akukuwa kuti, "Ba Zulu, njinga yanga mwaicita cani?" Ndinakaima m'khola la nkhumba la a tcheyamani a chipani, chagada m'matope, mwini khola wamiyendo inayi akundinunkhiza kukhosi. Manyazi ake, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Mayi Tembo anafika akupukuta misozi ya kuseka. Anati tcheni ndi kagudumu ka mano kumbuyo zimatha limodzi, zimazolowerana, ukazilekanitsa sizigwira, ndipo zidutswa zina za kachilomboko n'chimodzimodzi, zimasintha motsatana. "Ici simunakonzekele, koma mwaciphunzitsa na thupi lonse. Mwapasa."

Njinga ya ahedi sinachire. Teremu yonse ankapita ku boma la Chongwe pa yanga, ine ndikuyenda wapansi, ana akundiyetsemulira kumbuyo kuti Ba Chimfine adutsa. Kuyambira pamenepo ndinalumbira: chimfine chikandipeza ndimangomina, kuchikwera ayi.