Kaseti Yopita ku Katete

Lolemba

Ntchito ya sabata ino ndi imodzi: kaseti ya Atate. A Phiri a kutchalitchi kwathu nawonso awachotsa ntchito, ndiye Loweruka m'mawa akweza katundu pa lole kubwerera ku Katete. Avomera kutinyamulira. Lole imeneyi ikatisiya, wina wopita kumeneko chaka chino sindikumudziwa.

Ndilembe chimene ndikuvutikira. Atate anachoka kwawo ine ndisanabadwe. Amayi awo atamwalira sanapite ku maliro, ati kufakitale anawakaniza tchuthi, ndipo kuyambira pamenepo mlongo wawo, azakhali Anabanda, sayankha makalata. Tsopano sitiroko yawapha mkono ndi mwendo wakumanzere, mawu angotsala a pakhosi. Akufuna zinthu ziwiri: kupepesa, ndi kupempha kuti akadzatisiya akagone pafupi ndi amayi awo. Kalata akukana. "Pepala akang'amba. Mawu anga akawamvera."

Zofunika:
- wailesi ya kaseti (yobwereka kwa Bana Mwape, oyandikana nafe)
- kaseti imodzi (munali nyimbo za kwaya, Mulungu andikhululukire)
- mabatire, poti magetsi m'Kabushi muno amabwera ngati mlendo
- Atate ali maso

Chomalizachi ndiye chovuta. Lilime lawo limamasuka cha m'ma teni, ikamakwana thuu lalemera kale.

Teni koloko. Jekete avala, chipewa avula. Ndikudina batani lofiira. Akuomba ntchafu ndi dzanja lamoyolo m'malo mwa m'manja, n'kuyamba moni. Mlongo wawo, alamu, asuweni, ana a asuweni, aliyense dzina ndi chiwongo chake. Theka la anthuwa liyenera kuti linatsikira kale kuli chete, koma awauze ndani?

Ali pa msuweni wachitatu, helikopita! Malata njenjenje, fumbi kugwera mu tiyi, agalu a mzere wonse kuuwa. Yadutsa. Ndikuti tipitirize pomwe talekezera.

"Wamkulu sumusiya pakati pa moni. Bweza, tiyambenso."

Tayambanso kanayi.

Lachiwiri

Lero ndikuyeza ndi wotchi. Moni wa Atate, akapanda kutsokomola, ndi mphindi thwelofu. Helikopita imabwerera pakatha mphindi naini. Ndakhala zaka zonsezi ndikutayipa manambala mu ofesi ya fakitale mpaka tsiku limene anatigulitsa, ndiye samu iyi sindifuna wondithandiza. Sitidzafika!

Ndikuwaonetsa batani loimitsira. Ndikufotokoza mofatsa kuti tikaimitsa n'kupitiriza, akumudzi sakadziwa kanthu.

"Ine ndidziwa."

Chabwino. Dulaniko mayina, asuweni muwapatse moni wa pamodzi. Akundiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Nanga bwanji kuyamba ndi kupepesako, moni ubwere kumapeto?

"Iwe ndiwe wa m'tauni ndithu. Munthu kupempha manda asanafunse kuti mwadzuka bwanji?"

Njira yatsopano:
- matiresi pa zenera
- mabulangete awiri pa chitseko
- Atate ndi wailesi pansi pa bulangete lachitatu

Phokoso likulowabe, mpweya wokha ndiye wakanika kulowa. Ndikuwavundukula ali thukuta kamukamu, akupuma mobanika. Ndatsala pang'ono kuwapha ndekha asanapemphe pogona.

Lachitatu

Mkwiyo wandidzutsa tambala asanalire kachiwiri. Bana Mwape akuti chimbalamechi chimanyamula ogula, amawazungulitsa pamwamba kuti aone mafakitale ndi malo amene atsala. Akuti chimatera pabwalo la fakitale yathu yakale. Ndikuwasiyira Atate, ine wapansi mpaka kumafakitale.

Pachipata udzu wafika m'mawondo. Mlonda ndi Ba Mulenga, amene anali kapitawo wa anthu ambirimbiri, lero akulondera loko. Ndikuwauza kuti ndikufuna wamkulu woyendetsa ndegeyo. Sindikupempha zambiri, mphindi fifitini zokha azungulire kwina. Iwo akuti sadziwa kanthu.

"Awe mayo, nshishibe. Ine banipatsa cabe keyi na whisulo."

Pomwepo yatera, pamalo penipeni pamene tinkaima pamzere wa chakudya cha masana. Akutsika azungu anayi a zipewa zoyera zatsopano, zosagundapo kanthu chiyambire. Ndikukuwa, ndikukupiza chitenje. Mmodzi akundibayibitsa, akumwetulira! Mphepo ya mapiko yandithira mchenga m'kamwa ndi m'maso.

Komabe sindinapite pachabe. Ba Mulenga akuti wani koloko azunguwo amakadya, ndege imagona ola lathunthu. Ndikubwerera ndikuimba.

Kunyumba Atate akhala chikhalire atavala jekete kuyambira teni, akundidikira. Tsiku lathunthu lapita, ndipo ndine ndalitaya. Ndikuchita manyazi.

Lachinayi

Dongosolo: Atate asalankhule m'mawa wonse, asunge lilime. Phala msanga. Wani koloko, batani.

Thwelofu, zonse zili m'malo. Wani koloko, kumwamba zii. Ba Mulenga sananame! Atate akuomba ntchafu, mawu akutuluka bwino kuposa masiku onse. Mlongo, alamu, msuweni woyamba, wachiwiri.

"Odi! Odi kuno!"

Ndinaiwala kuti lero ndi Lachinayi. Amayi a kutchalitchi, asanu ndi atatu, a mayunifolomu, abwera kudzaona wodwala. Amayi obwera ndi korona m'manja sungawabweze pakhomo. Nyimbo zitatu, ina ya Chibemba ya mavesi osatha. Korona yense. Kenaka aliyense mawu achilimbikitso. Atate, amene salola kudula moni wa pa kaseti, salolanso kudula moni wa alendo: akuwafunsa mmodzimmodzi za amuna awo ndi ana.

Akutsanzika faifi thu thuu. Mtsogoleri wawo akundigwira dzanja. "Mulimbe mtima, mwana wathu, Ambuye amamva." Asanafike n'komwe pamsewu, injini yayamba kale kulira kumafakitale.

Ndikulira kuseri kwa nyumba, pamene palibe angandimve ngakhale nditakuwa. Ubwino wa helikopita ndi umenewo.

Lachisanu

Mitambo yatsika, kukuwaza kamvula. Teni koloko, palibe ndege. Teni kota, palibe. Ndikuthamanga ndi wailesi, jekete ndikuwaveka mkono umodzi wokha.

Akuyamba. Ine maso pa wotchi. Mphindi naini zadutsa. Ana a asuweni. Ileveni. Dzina lomaliza! Moni watha, wonse, woyera! Akupuma, akumeza malovu.

"Tsono mlongo wanga, chimene ndadzera pamaso pako..."

Ziwiri. Lero zabwera ziwiri, motsogozana, m'munsi mwa mitambo, pafupi moti ndikuona nsapato za munthu pakhomo pake. Kalendala yagwa pakhoma. Atate akhala kukamwa kuli yasa, akudikira kuti zidutse.

Ndikuwagwadira. Atate, moni ulimo kale, wabwino, nenani mawu awiriwo basi.

"Zanditukwanira mlongo wanga pakati pa nkhani. Bweza."

Ndipo ine, chitsiru cha mwana womvera, ndikubweza. Ndikudina lofiira. Akukweza dzanja kuti aombe ntchafu, dzanja likugwera pambali. Pakamwa pakhota. Diso limodzi likundiyang'ana, linalo layang'ana kwina.

Bana Mwape, wilibala, msewu, kiliniki. Akuti ndi sitiroko yachiwiri, tibwerere nawo kunyumba, tiziwatembenuza pafupipafupi. Za kulankhula akungopukusa mutu.

Madzulo ndikupeza wailesi ili pomwe ndinaisiya, batani lofiira lili lodinidwa. Inapitiriza kujambula mpaka kaseti kutha. Moni uja wafufutika wonse. M'malo mwake muli ine ndikukuwa, Bana Mwape akuitana Yesu m'Chibemba, chitseko, kenaka helikopita ikudutsa pa nyumba yopanda munthu.

Loweruka

Sikisi koloko lole ili kale pamsewu, hutala pi-pi-pi. Mabedi, mbaula, njinga, akazi a a Phiri pamwamba pa matiresi. A Phiri pakhomo: "Mwana wanga, kaseti. Dalaivala ni wa ganyu, sayembekeza."

Zimene zilimozo sindingatumize. Ndikuthamangira kukhitchini kuti Atate asamve, ndikubweza, ndikudina. Chichewa cha Atate ndimachimva ndipo ndimachilemba, koma pakamwa pothamanga chikutuluka ndi cha mumsewu:

"Ba anti, atate badwala maningi, sibakamba. Benze kufuna kukamba ati sore pa maliro ya ba mbuya. Bapempha malo pafupi na bamai bao. Mutiyankheko, napapata."

Pi-pi-pi! Kutulutsa, kukulunga m'pepala la shuga, kupereka. Lole yanyamuka.

Ndikubweza wailesi kwa Bana Mwape, ndipo ndili pakati pa bwalo lawo pamene chikundigunda. Sindinapereke moni. Ngakhale dzina langa sindinatchule. Mayi wokalamba amene sanandionepo akamva mtsikana wachilendo akumulamula manda m'chilankhulo cha pa siteshoni ya basi, kenaka phokoso la ndege mpaka kaseti kutha.

Lamlungu

Ogula sagwira ntchito Lamlungu. Kumwamba kuli zii kuyambira m'mawa, ndikumva mpaka nkhunda za kwa Bana Mwape. Moni wa Atate ukanakwana kakhumi lero.

Kutchalitchi sindinapite. Kuwatembenuza, kuwapukuta, phala pa supuni yaing'ono, theka kubwerera pa thaulo. Yankho la ku Katete sindikuliyembekeza. Mawa ndikafunse za manda a konkuno, basi.

Masana ndikuwauza kuti kaseti yapita, kuti mawu otsalawo ndinawanenera ine. Diso lija likundiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka dzanja lamanja likusuntha pa bulangete, akupinda chala chimodzi n'kudikira. Ndamva: akufunsa ngati mlongo wawo ndinamupatsa moni. Ndikugwedeza mutu kuvomera. Chala chachiwiri, alamu. Ndikuvomera. Zala zatha, akutambasula n'kuyambanso, asuweni, ana a asuweni, mmodzimmodzi, osadumpha ndi mmodzi yemwe.

Ndawanamiza mphindi thwelofu zathunthu, ndipo palibe chatidula.