Mliri Wapezeka pa Ofesi Panu, Bwana

Kwa Mkulu wa Ofesi Yolondola Miliri,

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale simukundiona. Ndine mnyamata uja wa malaya oyera amene mlonda wanu amamubweza pa geti sabata iliyonse ndi mawu akuti, "Ntchito kulibe, achimwene." Sindikudandaula ayi. Digiri yanga ya zaumoyo ikugwira ntchito yotamandika kunyumba: mayi amakupizira moto mbaula ikavuta.

Choyamba, ndikuthokozeni chifukwa cha makina anu atsopano. Munalengeza pa wailesi kuti masiku ano simudikiranso kuti odwala adzaze chipatala, mumangoona zimene anthu akufunsa pa intaneti. Anthu a dera limodzi akachuluka kulemba zoti "kutsegula m'mimba", mapu anu amafiira, galimoto n'kunyamuka. Ndinaomba m'manja ndekhandekha m'chipinda. Njira imeneyi ndinaiphunzira kukoleji, ndipo ndimaikhulupirira kuposa amene munawalemba ntchitowo.

Chachiwiri, zikomo kuti pa mapupo kwathu n'kobiriwira. Paipi ya zonyansa inaphulika kuseri kwa mzere wa nyumba zathu, ndipo zotulukamo zimatsetsereka mwaulemu kukalowa m'chitsime chomwe tonse timatungapo. Ana akutsegula m'mimba khomo ndi khomo. Mwana wa achemwali anga, yemwe ankagwetsa mipando ndi liwiro, pano amangogona pamphasa, maso atalowa m'kati. Namwino wa pachipatala chathu atakuimbirani, anauzidwa kuti mapu sakuonetsa vuto. Ndi zoona, Bwana. Mayi amene mwana wake watha matewera onse sayamba wagula bandulo kuti akafunse intaneti. Amafunsa aneba pa mpanda, ndipo mpandawo sunalumikizidwe ku makina anu.

Chachitatu ndiye chandilembetsa kalatayi. Nditaona kuti simumva za pakamwa koma za pafoni, ndinasonkhanitsa mafoni a mumzere mwathu: ya atelala, ya alamu anga, ya amayi ogulitsa makala, ngakhale ya alandilodi yong'aluka galasi, yomwe anandipatsa akundiloza chala: "Iwe, usatsegule zithunzi!" Bandulo tinalibe. Koma m'tauni muno muli malo amodzi pomwe intaneti imatayikira kunja ngati paipi yathu ija: kuseri kwa mpanda wa ofesi yanu. Wayifai yanu ilibe loko, ndipo pa ichinso tikuthokoza. Tinakhala kuseri kwa mpandako, pafupi ndi zenera lanu, mafoni ali m'beseni, n'kumalemba: kutsegula m'mimba, kusanza, mwana wafooka, kolera. Tinalemba mpaka zala kuchita dzanzi. Alamu anga, omwe sakonda zinthu zochedwa, anawonjezamo chikuku ndi chiwewe, ati kuti mubwere msanga.

Makina anu sananame, Bwana. Mapu anafiira ndithu. Anafiira pa ofesi panu.

Zotsatira zake tinazionera pa mpanda m'mawa mwake. Sindinkadziwa kuti anthu a mimba zazikulu amathamanga choncho. Kunabwera amuna ovala zoyera ngati opita kumwezi, n'kupopera mankhwala makapeti, maluwa, ndi galimoto yanu mpaka matayala. Kolorini amene ife tatopa kumupempha anathiridwa m'kadziwe kokongoletsa pabwalo, nsomba zonse n'kuyang'anitsa mimba kumwamba. Ofesi inatsekedwa, antchito anapita kukapuma, ndipo inu munauza atolankhani kuti mliri mwaugwira pakhosi usanafale. Tsiku lomwelo achemwali anaberekanso mwana ulendo wa kuchipatala, akulumpha zithaphwi za paipi ija.

Ndikanakhala ndi mpando mu ofesimo, ndikanakuuzani tsiku loyamba lomwe kuti makinawa amawerenga pamene paima foni, osati pamene pagona wodwala, komanso kuti munthu wopanda bandulo amadwala mwakachetechete. Ndikanapempha kuti mapu akakhala chete, wina aziyamba wavala nsapato n'kukaona. Koma ndine yani ine? Mwana sauza akulu kuti zipi yatseguka.

Pempho langa ndi laling'ono. Sindikunena kuti mutsike kwathu nokha, nsapato zanu sizinalakwe kanthu. Titumizireni okonza paipi ndi mankhwala a m'chitsime sabata ino, ana athu asanathe madzi m'thupi.

Zikakanika, ife sitilola kuti makina odula chonchi achite manyazi. Poti mapu akuti odwala ali pa ofesi panu, Lolemba m'mawa tibwera nawo: ana, mphasa, mabeseni ndi zidebe zawo, tidzawagoneke pakhonde lanu la mthunzi wabwinolo. Mungotiuziratu chimbudzi chimene tizikagwiritsa ntchito. Tamva kuti chanu chili ndi madzi.

Ine wanu wodikira modzichepetsa, koma osati mpaka Lachiwiri,

Katswiri wa zaumoyo wosalembedwa ntchito